Kunyowa si kumwa madzi

Abale, tigwirizane kaye tanthauzo la mawu oti "limamwa madzi", chifukwa ena mwayamba kutibera nawo ndalama masanasana.

Loweruka ndinagula thaulo kumsika m'tauni, K9,000 yathunthu. Ndinafunsa mwaulemu, "Achimwene, limamwa madzi limeneli?" Iwo akuti, "Mayi, ili limamwa kuposa chidakwa." Ndafika nalo ku Area 25, ndalichapa, ndaliyanika. M'mawa ndasamba, kuti ndidzipukute, madzi akungosamuka kuchoka kumsana kupita pamimba. Ndinachita kupukutira chitenje changa chakale.

Dzulo ndabwerera nalo. Munthu wamkulu ndithu, ndevu pepeya, akundifunsa, "Koma mayi, linanyowa kapena silinanyowe?"

Iii! Mtima wanga unachita phwii.

Kunyowa si kumwa! Jumbo imanyowa. Lata limanyowa mvula ikagwa. Tsamba la nthochi limanyowa. Ndani anadzipukutirapo jumbo? Tikati chinthu chimamwa madzi, ndiye kuti madzi alowa m'kati mwake, akhala momwemo, pamene anali paja pauma. Ufa umamwa madzi mumphika. Mchenga umamwa, thirani ndowa yonse muone ngati mupeze chithaphwi. Mandasi amamwa mafuta, funsani amene amakazinga. Ngakhale mwana wa sitandade 2 amadziwa kuti chimene chamwa sichisiya madzi pambuyo. Nanga thaulo losiya munthu ali chonyowa lamwa chiyani? Lamwa ndalama zanga basi.

Pakachikwangwani kake analemba 100% polyester, ulusi wa pulasitiki. Chimene chimamwa ndi thonje, lomwe lija amalima ku Salima ndi ku Balaka. Koma maluwa ake, kufewa kwake, mungati mwatola. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye musatiuze kuti limamwa pamene limangonyowa. Nenani kuti ndi lokongola, ogula zokongola agule, akalipachike pakhoma.

Ndipo nkhani yomweyi ili pa matewera a ana. Papaketi alemba zilembo zikuluzikulu "super absorbent", kutanthauza kuti amamwa kwambiri. Mwana kungokodza kamodzi, chitenje chonse chonyowa, iwe uli m'minibasi ya ku Kawale, kondakitala akukuyang'ana ngati wakodza ndiwe.