Musamati "ndi osavuta" pamene simukufuna kuphunzitsa munthu

Ndayesa kudziletsa kuyambira Lamlungu koma mtima wakana, ndilembe basi. Amene zikumukhudza adzidziwa yekha, ndipo awerenga chifukwa pa Facebook sachokapo.

Azakhali anga abwera kuno ku Lusaka kuchokera ku Katete kudzaonetsa maso kuchipatala. Lamlungu tinapita nawo ku Matero kwa mlongo wanga kuti akaone adzukulu. Titatha kudya magetsi anazima, alamu anayatsa kandulo n'kutulutsa makhadi. Azakhali anakana mwaulemu, anati chibadwire sanagwirepo makhadi, kwawo zimenezo amati ndi njuga. Alamu anayankha kuti, "Aa amayi, awa ndi osavuta, ngakhale ana akusewera. Mungoona mmene tikuchitira." Maphunziro onse anathera pomwepo. Anawagawira makhadi, masewera n'kuyamba.

Anali Crazy Eights. Inde, pakamwa ndi osavuta: uponye khadi lofanana nambala kapena mtundu ndi limene lili pamwamba, ukasowa utole, ndipo 8 amasintha mtundu. Koma kodi alipo anawauza azakhali zimenezi? Palibe. Mwana wa alamu waponya 2, "agogo tolani awiri." Wina waponya joker, "tolani asanu." Iwo aponya K mosangalala, akuti masewera abwerera m'mbuyo. Aponya khadi lina, akuti si nthawi yanu, mwadumphidwa. Lamulo lililonse ankalimva litawaluma kale. Mayi wa maso odwala, pa kuwala kwa kandulo, akuyesa kusiyanitsa 6 ndi 9, makhadi atadzaza m'manja ngati akupepeta. Mwamwayi, patapita nthawi, anatsala ndi khadi limodzi. Nkhope inawala. Pomwepo alamu anamenya tebulo: "Simunanene last card! Tolani!" Nyumba yonse phwa kuseka, ndi ana omwe. Azakhali anaika makhadi pansi pang'onopang'ono, anati, "Pitirizani ana anga, ine masowa," n'kukakhala pakhonde mumdima.

Apongozi anu, alamu. Mwawaseketsa kwa adzukulu awo chifukwa cha mawu awiri achizungu amene simunawauze.

Nkhani yanga ndi imodzi yokha. Masewera amene malamulo ake ali m'mutu mwa munthu mmodzi, n'kumatuluka limodzilimodzi pamene iye akufuna, amenewo si osavuta. Ndiwo ovuta kuposa onse. Mukati "ndi osavuta" n'kusiya osafotokoza, simunathandize munthu, mwangomuuza kuti akalephera ndiye kuti ndi wopusa. Mwamutsekera ngakhale pakamwa pofunsira, chifukwa ndani angafunse za chinthu chimene auzidwa kuti ana akuchidziwa? Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula, koma munthu akafunsa timamuseka. Ndiye adye chiyani, si phula lomwelo?

Ine ndinaphunzirapo Bridge, masewera amene anthu amawaopa kuti ndi ovuta koopsa. Anandiphunzitsa ndi bwana wanga wakale pamene ndinkagwira ntchito m'shopu ina ku Kamwala, tsiku limene mnzawo mmodzi sanabwere ndipo ankasowa munthu wachinayi. Ndi ovutadi, sindikukana. Anthu anayi, awiriawiri, makhadi onse 52 agawidwa, aliyense 13. Musanaponye khadi ngakhale limodzi mumayamba mwapikisana kulonjeza kuti inu ndi mnzanu mudya kangati, ndipo malonjezo omwewo ndiwo chinenero chouzirana zimene muli nazo m'manja. Umawerenga mphamvu ya makhadi ako, A ndi 4, K ndi 3, Q ndi 2, J ndi 1, a m'paketi yonse pamodzi 40. Kenako mmodzi amayala makhadi ake poyera patebulo, mnzake n'kumusewerera. Mutu unkandiwawa. Koma mdala ameneyo anakhala nane pansi, makhadi onse chagada, n'kundionetsa chimodzichimodzi. Sananene kuti ndi osavuta. Anati awa ndi ovuta, udekhe. Ndipo chimene anandiuza tsiku loyamba sichinasinthe tsiku lachiwiri. Mawerengedwe a mapointi a opambana pa Bridge ya masiku ano anawakonza Harold Vanderbilt wa ku America mu 1925, malamulo ake analembedwa, ndipo wosewera wa ku Lusaka atakhala patebulo ku London sangauzidwe mwadzidzidzi kuti "kuno 7 amadumpha."

Tsono ndiuzeni, ovuta ndi ati? Amene ali ndi malamulo ambiri koma okhazikika, kapena amene ali ndi malamulo ochepa koma osintha nyumba iliyonse? Crazy Eights ya ku Matero si ya ku Chawama. Ku Mtendere ndinasewerapo kwa anthu amene amati J ndiye wodumpha, kwa alamu ndi 7. Kwina joker sagwira ntchito n'komwe, amamuika pambali. Kwina ukaponyeredwa 2 ukhoza kubweza ndi 2 wako, wotsatira atole anayi, kwina amakana. Kwina sungatsirize ndi 8. Zonsezi zilibe vuto, nyumba iliyonse ili ndi mwambo wake. Vuto ndi kusanena. Nenani musanagawe! Mphindi zitatu zokha. Sewerani kamodzi makhadi ali poyera kuti mlendo aone. Mwina amachita dala pofuna kupambana, mwina anangozolowera, ine zimenezo sindikuzifuna.

Kukanakhala kuti alamu amafunadi kusangalatsa mlendo, masewera osavuta enieni alipo. Snap, mumangoyang'ana makhadi awiri ofanana n'kufuula. Kapena oyala makhadi chafufumimba n'kumakumbukira pamene pali ofanana. Ngakhale Rummy, munthu ukamuuza kuti sonkhanitsa atatu a nambala imodzi kapena atatu otsatizana a mtundu umodzi, wamva, ayamba. Ana a alamu ali ndi Uno m'nyumbamo, makhadi ake ali ndi mitundu yowala ndipo khadi lotoletsa linalembedwa pankhope kuti +2. Koma ayi, anasankha okhawo amene iwo ndiwo woweruza, iwo ndiwo buku la malamulo, iwo ndiwonso wopambana.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti azakhali amenewa si munthu wogona m'mutu. Pa nsolo kumudzi amuna amachita kuwathawa. Amawerenga miyala ya m'maenje ndi maso okha, n'kudziwiratu kumene dzanja likathere asanaitole n'komwe. Nsolo ndi wovuta kuposa Crazy Eights yanuyo kutalitali. Koma ine anandiphunzitsa ndili mwana, pansi pa mtengo wa mango, osandiseka ngakhale kamodzi. Ankandibwezera miyala m'dzenje kuti ndiyambirenso. Lero munthu ameneyo atuluke m'nyumba ya mwana wake atanyamula manyazi chifukwa cha last card? Mlendo ndi mame, alamu. Lachisanu akukwera basi pa Intercity kubwerera ku Katete, ndipo zimene akafotokoze kumudzi za Matero ndi zimenezo. Mwezi wa August mukuti mukufuna tidzapite limodzi ku Kulamba. Chabwino. Ndidzakukhazikani pa nsolo ndi azakhali, ine ndidzangoti "ndi osavuta, mungoona." Chaona mnzako chapita.

Ndipo poti tayamba, makhadi anuwo mugule ena. Ndinawawerenga, alipo 49. Mmalo mwa 5 wa mtima muli kachidutswa ka katoni ya sopo kolembedwa ndi bolopeni. Joker mmodzi ndi wong'ambika pakona, wina ali ndi dontho la mafuta kumsana, ndipo nyumba yonse ikudziwa kupatula mlendo. Mumaona ngati sitinakuoneni mukusuzumira pa mulu musanatole? Makhadi ali mbwee ku City Market, a pulasitiki omwe. Ndalama ya kubetcha mpira Loweruka lililonse imapezeka, koma ya paketi imodzi ayi.