Phula lomwe timataya kuno, ku Zambia ndi ndalama

Ndikaona munthu akufinya uchi n'kutaya zotsalazo kudzala, mtima umandiwawa. Ine ndinakula ndikuchita zomwezo kwathu ku Nkhata Bay: kutafuna chisa, kumeza uchi, kulavula phula.

Chisa si chinthu wamba. Njuchi sizitola phula pamtengo, limatuluka m'thupi mwawo. Njuchi zantchito za masabata awiri kapena atatu zimatulutsa tizibenthu toyera kunsi kwa mimba, n'kutitafuna mpaka kufewa, kenako n'kumangira timaenje ta mbali 6, khoma limodzi kugawana maenje awiri. Tayang'anitsitsani chisa mukachiimika: timaenjeto timapendekera m'mwamba pang'ono kuti uchi usachuche. Ndipo kuti zipange kilogalamu imodzi ya phula, njuchi zimadya makilogalamu 6 mpaka 8 a uchi. N'zomwe timaponyera nyererezi.

Anzathu a ku Mwinilunga ndi Kabompo, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, nkhaniyi anaidziwa kalekale. Ming'oma yawo ndi ya makungwa, yopachika pamwamba m'mitengo ya m'nkhalango za miombo. Akafula amachotsa chisa chonse, kufinya uchi, zotsalazo n'kuziwiritsa m'madzi, kusefa pathumba, phula n'kuuma ngati chigumu chachikasu. Uchi ndi phula lomwe zimafika mpaka ku Ulaya, kokapangira makandulo, mafuta odzola ndi polishi. Ku Tanzania, boma linafika pokhazikitsa lamulo la ulimi wa njuchi mu 2002.

Komabe sindisirira zonse. Kuti upeze mng'oma wa khungwa umasenda mtengo mozungulira, ndipo mtengowo umauma. Kwa iwo nkhalango n'zazikulu, anthu ndi otalikirana. Kuno, komwe makala atha kale mapiri, tikatengera zimenezo tidzasowa ndi popachika pomwe.

Apa mng'oma wathu wamatabwa, wa timitengo toyala pamwamba uja, ndiwo ndimaukonda. Njuchi zimamanga chisa chimodzi pakamtengo kalikonse, ndiye umanyamula n'kuona: chomatidwa ndi phula ndi uchi wokhwima, dula, chokhala ndi ana, bwezera. Phula limapezeka lambiri ndithu, chifukwa chisacho umachidula chonse. Chimene chimatisowa ndi mphika wakale, thumba loyera ndi wogula wodalirika. Chaka chino ndasungunula zisa za ming'oma yanga itatu, ndipo phulalo lili m'ndowa pakhonde, likudikira msika.