Ku Joni anandikweza ndege tsiku loyamba, kwathu anatithamangitsa pa waya

Mwezi wa Disembala ndinali kumudzi, ndipo mpaka lero mtima wanga sunakhale pansi. Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, ali mu Sitandade 7. Chionereni zithunzi zanga ndili mumlengalenga, mnyamatayu sakamba china koma ndege. Ndiye tsiku lina m'mawa ndinabwereka njinga yamoto n'kumukweza, ulendo wa ku kabwalo kena ka ndege komwe sikali kutali ndi kwathu. Dzina la kabwaloko sinditchula. Pabwalopo panali kandege kamodzi kokha, kali phee, kofunditsidwa lona. Sitinalowe, sitinagwire kanthu, tinangoima kunja kwa waya kuti mwana aone. Mphindi zisanu zisanathe mlonda anatulukira, chibonga chili m'manja. "Bambo, pano si pamsika. Mukufuna chiyani? Tiyeni chokani, mwanayu asazolowere." Ndinayesa kufotokoza kuti nanenso ndimayendetsa ndege zing'onozing'ono, laisensi ili m'thumbamu. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu n'kuseka. Pobwerera mphwanga anali chete njira yonse. Titayandikira kunyumba ndi pomwe anafunsa kuti, "Amalume, kodi kuona ndege ndi mlandu?"

Funso limeneli ndi lomwe landilembetsa zonsezi, chifukwa ine ndege ndinaidziwa mwanjira ina kotheratu.

Ndimagwira ntchito ya umakaniko cha ku Benoni. Zaka zinayi zapitazo, Loweruka lina m'mawa, ndinakatula galimoto ya kasitomala ku kabwalo ka ndege ka udzu kum'mawa kwa Johannesburg. Ndinali mu ovololo ya girizi. Ndinaima patali monga tinaleredwera kwathu, kuopa kukalipiridwa. Mdala wina wachibunu, amene aliyense pamenepo amangomutchula kuti Oom, anandikodola. Anandifunsa ngati ndimadziwa injini ya thusitiroko. Nditavomera anandionetsa injini ya kandege kake, Rotax 582, n'kundifunsa maganizo anga pa mapulagi. Ola lisanathe anali atandiveka chisoti, wandimanga malamba pampando wakumbuyo, tili m'mwamba kuyang'ana minda ya chimanga ndi milu ya dothi la migodi. Munthu wosandidziwa, wosadziwa ngakhale kuti Malawi ili mbali iti. Kwathu ndi laisensi m'thumba anandithamangitsa, kwa eni ndi girizi m'manja anandikweza.

Kwa amene simunakaonepo, kandege kameneka amakatchula kuti trike. Ndi kangolo ka mateyala atatu ndi mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, kolendewera pansi pa phiko limodzi lansalu. Mulibe chiwongolero. Umagwira chitsulo cholumikizidwa kuphikolo, ndipo zonse zimayenda chotembenuza: ukafuna kukhotera kumanzere umakankhira chitsulocho kumanja, ukachikankhira kutsogolo mphuno imadzuka liwiro n'kutsika, ukachikokera pamimba kandegeko kamathamanga. Masabata oyamba manja amakana, mutu umadziwa koma manja amachita zawo. Injini imamwa petulo wa pa filing'i yemweyu, wosakaniza ndi oyilo wa thusitiroko, muyezo umodzi wa oyilo pa miyezo 50 ya petulo. Ndikuuzeni zoona, anyamata okonza njinga za kabaza ku Mchesi kapena ku Ndirande injini imeneyi akhoza kuimvetsa tsiku limodzi. Ndipo tindege tambiri totere sitichokera kutsidya kwa nyanja ayi. Ta mtundu wa Aquilla timapangidwa ku Durban komweko ndi kampani ya Solo Wings.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ku South Africa ndi choti njira yopezera laisensi ndi yolembedwa, aliyense akhoza kuiwerenga. Sufunika kudziwana ndi bwana aliyense. Laisensi yake ndi National Pilot Licence, imene imaperekedwa ndi bungwe loona za ndege la SACAA. Umayamba wapita kwa dokotala kuti akuyeze maso, makutu ndi mtima. Kenako umatenga chiphaso cha wophunzira n'kuyamba kuuluka ndi mlangizi. Lamulo limati maola osachepera 25 m'mwamba, pomwe laisensi ya ndege zokulirapo, ya PPL, imafuna 45. Koma 25 ndi ya papepala, ambirife timapyola. Pali mayeso a malamulo a mumlengalenga, a nyengo, a kuwerenga mapu, a injini, ndi a momwe phiko limanyamulira katundu. Palinso chiphaso cha wailesi, chifukwa m'mwambamo umayenera kulengeza pomwe uli ndi komwe ukupita, m'Chingerezi chachifupi chomveka bwino. Palinso bungwe la eni tindegeti, MISASA, lomwe lili pansi pa Aero Club of South Africa. Ukasochera pali wofunsa.

Ndinkalipira ola limodzi limodzi, mwezi wina awiri, mwezi wina osauluka n'komwe chifukwa ndatumiza ndalama ya feteleza kumudzi. Palibe anandinyoza. Tinkafika pabwalo kusanache, nthawi yozizira udzu uli mbuu ndi chisanu, chifukwa dzuwa likakwera mpweya wotentha umayamba kukwera m'mwamba ndipo kandege kopepuka kamagwedezeka ngati bwato pa mwera. Kumeneko ndi kumtunda, mamita pafupifupi 1,700 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndiye masana kukatentha injini imafooka ndipo kandege kamathamanga mtunda wautali kasananyamuke. Zimenezi amakuphunzitsa mpaka uzilota. Tsiku lomwe mlangizi anatsika n'kundiuza kuti ndizungulire bwalo ndekha, kandegeko kanadzuka msanga kuposa masiku onse chifukwa kumbuyo kunalibe munthu. Nditatera miyendo inkanjenjemera. Ndinaimbira amayi. Anakhala chete kanthawi, kenako anati tipemphere.

A ku Zambia nawo atiposa, ngakhale iwo anaitengera ku malonda. Ku Livingstone tindege tomweti timanyamula alendo tsiku ndi tsiku kukawaonetsa mathithi a Mosi-oa-Tunya, ulendo wa mphindi 15 kapena 30. N'zoona kuti okwera ambiri ndi azungu a madola, koma mwana wa ku Maramba amakula akuona kandegeko kakudutsa pamwamba pa nyumba yawo m'mawa uliwonse. Kwa iye si chozizwitsa, ndi ntchito ngati ina iliyonse. Ku Lusaka alinso ndi sukulu ya za ndege ya ZASTI. Ife mwana akaona kandege kotere mudzi wonse umatuluka, ena n'kuyamba kale kukamba za malichero ouluka usiku.

Pano ndivomereze zina, kuti musati Joni yandizunguza mutu. Joni si kumwamba. Pabwalo lathu anthu akuda ndife owerengeka, ndipo alipo ena amene mpaka lero akandiona amaganiza kuti ndabwera kudzatchetcha udzu. Ndikatuluka pageti ndimabwerera kukhala mkwerekwere, woyenda ndi mapepala m'thumba, wogona khutu lili kunja. Masewerawa ndi odula ngakhale kwa eni dziko. Laisensi imeneyinso ndi ya m'dziko lomwelo, si yonyamulira anthu kuti uzilandira ndalama, ndipo kuoloka nayo malire kumafuna zilolezo. Kwathu nako zifukwa zilipo. Munthu amene wagona pamzere wa petulo masiku awiri sungamuuze za kuthira petulo mu ndege yongosangalalira. Sipeyala aliyense amafuna ndalama zakunja zomwe zikusowa ngakhale pogula mankhwala. Ndipo chichitikireni ngozi ya ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, imene inatenga wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, mawu oti ndege yaing'ono amabaya mtima wa Mmalawi aliyense. Mantha amenewo ndimawalemekeza, nanenso ndinalira.

Komabe zonsezi sizikufotokoza chibonga chija. Kulola mwana kuima pa waya sikufuna madola. Vuto lathu ndi loti ndege tinaiika m'gulu la zinthu za mabwana, pamodzi ndi kapeti wofiira ndi ma sailini. Bwalo la ndege kwathu ndi malo operekezera wina, kumubayibitsa, n'kubwerera pa minibasi. Pomwe dziko lathu, abale, linalengedwa ngati la tindege timeneti. Ndauluka pamwamba pa minda ya Gauteng mpaka kutopa nayo, fulati yokhayokha ndi mawaya a magetsi. Tangoganizani kunyamuka m'mamawa nyanja ili bata, kutsata gombe kuchoka ku Mangochi kulowera ku Cape Maclear, asodzi akubwerera ndi usipa. Kapena kudutsa pamwamba pa minda ya tiyi ku Thyolo, phiri la Mulanje lili potero, tsiku lopanda chiperoni. Alendo amene amalipira ku Livingstone akhoza kulipiranso kwathu kawiri.

Ndipo musandiuze kuti ana athu sangathe. Mu 2017 ku Kasungu kunatsegulidwa dera loyeserera ma drone, tindege touluka popanda munthu mkati, mothandizidwa ndi UNICEF, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunayamba sukulu ya African Drone and Data Academy. Achinyamata athu akupanga ndi kuulutsa zinthu zimenezi. Nzeru za mphepo ndi phiko ndi zomwezo. Mu 2019 ana a sukulu a ku South Africa anamanga okha ndege ya Sling 4 n'kuuluka nayo kuchoka ku Cape Town mpaka ku Cairo, ndipo panjira anatera kwathu ku Malawi. Mtsikana amene anayambitsa ganizolo, Megan Werner, anali ndi zaka 17. Ana a eni anatera pa dothi lathu ndi ndege yomanga okha, wathu akuuzidwa kuti asazolowere kuiona.

Nditabwerera kuno ku Joni ndinawafotokozera anzanga a pabwalo nkhani yonse. Oom uja, amene pano wakalamba ndipo sauluka kawirikawiri, analowa mu hang'ala yake n'kutuluka ndi mapu akale a oyendetsa ndege ndi kabuku ka ophunzira kothothoka chikuto, akuti ndimutumizire mnyamatayo. Ndinapatsira dalaivala wa basi ya ku Blantyre. Mlongo wanga akuti mphwanga wamangirira kansalu pansonga ya nsungwi kuseri kwa nyumba, ndipo m'mawa uliwonse asanapite kusukulu amalemba m'kope komwe mphepo ikuchokera. Fomu ya pasipoti yake tayamba kale kuilemba. Akatsekera sukulu abwera kuno, ndipo mpando wakumbuyo uja ndi wake.