Konkire wogumula: ku Zurich amangira nyumba, ku Germany apondera msewu

Nyumba ikagumulidwa ku Zurich, mzinda wa ku Switzerland, zigumuka zambiri sizipita kudzala. Amazigaya, maginito n'kuzula zitsulo, kusefa, basi zabwereranso mu mikisa m'malo mwa kwale. Mzindawu unayesa kaye pa sukulu ya Im Birch, kenako kuyambira 2005 unati nyumba zonse za khonsolo zizimangidwa ndi konkire wotere. Gawo latsopano la Kunsthaus, nyumba yoonetseramo zaluso, lotsegulidwa mu 2021, pafupifupi konkire wake yense ndi wa zigumuka.

Mukangowoloka mtsinje wa Rhine kulowa Germany, zasintha. Akumeneko amagaya zigumuka zambirimbiri, koma zochuluka zimathera pansi pa tala. Chodabwitsa n'chakuti ndi omwewa amene nkhondo itatha mu 1945 anamanganso Frankfurt ndi konkire wa maduka a njerwa. Kwa zaka zambiri malangizo awo ankalola mwala wakale wogayawu kufika maperesenti 45 pamalo pouma, osapitirira konkire wa C30/37 (nambala yosonyeza mphamvu ya konkire), ndipo makontilakitala ambiri sayerekeza n'komwe.

Mantha awowo sindiwaseka. Tolani kamwala ka konkire wogaya mukayang'anitsitse: m'mbali mwakanirira matope a simenti yakale, otuwa, okhala ndi timabowo ngati buledi. Kaponyeni m'chidebe, mudzaona tithovu tikutuluka. Kwale weniweni amamwa madzi ochepa, mwina peresenti imodzi. Uyu amamwa kasanu kuposa pamenepo. Mmisiri akaona dothi likuuma msanga amathamangira paipi, ndipo madzi owonjezerawo ndi amene amapha konkire.

Koma pa makina oyesera mphamvu pophwanya ma cube (timabuloko ta konkire) a masiku 28, ukasakaniza kotala la mwala wakale, kusiyana kwake ndi konkire wamba n'kochepa zedi. Vuto lenileni lili pa kuuma msana, ndiko kuti kusapindika kwa konkire akasenza katundu. Mwala wakale ukachuluka konkire amafewerako, amanyala kwambiri akamauma, ndipo silabu yaitali imapinda mimba pang'onopang'ono zaka zikamapita. Mchenga wogaya ndiye woipitsitsa.

Apa mpamene a ku Switzerland andigwira mtima. Sanakane vutolo. Malangizo awo a SIA 2030 amafuna wogulitsa anene kuuma msana kwa konkire wakeyo, injiniya awerengere pamenepo, akafuna anenepetse silabu. Chinanso, khonsolo ikamagula chaka ndi chaka, mwini fakitale amalimba mtima kugula makina otsukira ndi kusankhira mwala. Ku Germany wogula wotereyu anachedwa kupezeka, pomwe kwale watsopano ndi wotchipa.

Kwathu kuno maduka timawadziwa, timapondera pansi pa fulowa, ndipo ndi pamalo pake. Koma munthu asamve nkhani ya Zurich n'kukathira zigumuka za mpanda mu bimu. Zawozo ndi zosankhidwa bwino, ndipo loli iliyonse imabwera ndi pepala lake.