Asiyeni azakhali atumize voisi yawo

Azakhali anga salemba pa WhatsApp. Maso anayamba kuvuta, ndiye amangodina kachizindikiro kaja n'kuyamba kulankhula, mphindi zinayi zathunthu, tambala akulira kuseri, mwana akupempha ndalama ya chigayo. Pomaliza amati, "Iwenso unditumizire voisi, ndimve ngati ulidi bwino." Mnzanga wina wophunzira bwino atamva zimenezi anapukusa mutu, akuti tikupha Chichewa. Ine ndakana, ndipo ndikukanabe.

Choyamba, liwu lakuti voice nalonso ndi mlendo kwa Angerezi. Analibwereka kwa Afalansa akale, amene ankati voiz, ndipo iwonso analitola ku Chilatini, vox. Linayamba kuoneka m'Chingerezi cha m'ma 1300, patadutsa zaka zoposa 200 chigonjetsereni England William wa ku Normandy mu 1066, nthawi imene Chifalansa chinali chilankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi kumabwalo a milandu. Angerezi anali nalo liwu lawolawo, stefn, koma linafota mpaka kuiwalika. Abale ake ndi amene atsala: Ajeremani amati Stimme, Adatchi amati stem. Inu a ku Joni mwina munalionapo nthawi ya chisankho, poti m'Chiafrikaansi stem ndi mawu otuluka pakhosi komanso voti. Vowel ija tinkaloweza kusukulu ndi mdzukulu wa vox yemweyo, advocate nayenso ndi wa mtundu womwewo, munthu woitanidwa kudzakulankhulira pa mlandu. Nanga Chingerezi chinafa?

Koma chimene chikundisangalatsa kwambiri n'china. Ife timati mawu, ndipo timatanthauza zinthu ziwiri, zimene munthu wanena ndi mmene pakhosi pake pakumvekera. Ndikati "abusa aja ali ndi mawu," simungadziwe msanga ngati ndikuyamikira ulaliki kapena besi yawo. Angerezi anazigawa, word uku, voice uko. Azakhali sanatenge lililonse la matanthauzo amenewa. Sanganene kuti woimba kwaya ali ndi voisi yabwino, ayi, amenewo ndi mawu basi. Kwa iwo voisi ndi kanthu kamodzi kokha, kauthenga kojambula kaja kamene kamadya bandulo. Chinthu chatsopano chinafika pamudzi chopanda dzina, iwo n'kuchipatsa dzina, n'kuliika m'gulu la mayina ngati foni ndi galimoto: voisi yanga, mavoisi ambiri. Dzinalo likumvera malamulo athu, osati a ku London.

Mnzanga uja akufuna tizinena kuti "uthenga wa mawu." Chabwino, koma wolembawo ulibe mawu?

Usiku womwewo ndinawatumizira yanga, ya masekondi 20. Anayankha nthawi yomweyo kuti ndikumveka wa chimfine, ndimwe madzi otentha a mandimu. Ndinali ndisanauze aliyense.