Kupalasa njinga m'minda ya ku France kumasiyana bwanji ndi kwa aneba awo?

Anzanga okonda njinga, ambirife France timangomudziwira pa Tour de France, mapiri ataliatali a Alps ndi anyamata akukha thukuta pa phula. Koma ine France amene amandifika pamtima ndi wa kuminda, kumene umatenga njinga ya mateyala onenepa ija, eniake amati VTT, nkulowa mkanjira kadothi pakati pa tirigu ndi mbatatesi, nkuyenda mmawa onse osaona chikwangwani chokubweza. Ndipo ndikayerekeza ndi Belgium, Germany komanso England ndimaona kuti pa nkhani ya njira za m'minda France ali patsogolo, ngakhale ali ndi mavuto ake awiri omwe amandiwawa kwabasi.

Tengani dera la kumpoto, chakumadzulo kwa Lille, kumene amati Monts de Flandre. Mapiri ake ndi timapiri chabe, Cassel ndi mamita 176, Mont des Cats 164, ukawoloka boda Kemmelberg wa ku Belgium ndi 156 basi. Ndiye palibe zoti mtima ukuphulika ayi, umakwera pang'ono, kutsetsereka pang'ono, mbali iyi fulakesi mbali inayo beet wopangira shuga, apo ndi apo mitengo italiitali yomangirira hops wofululira mowa. Njira yake nthawi zambiri imakhala mizere iwiri ya mateyala a thirakitala, pakati udzu, nde umasankha mzere umodzi nkumausunga chifukwa ukafuna kusintha mwadzidzidzi teyala lakutsogolo limakodwa mumpanipani muja ukagwera mu beet. Nthawi yokolola beet, kuyambira Seputembala mpaka chaka kutha, dothi lake ladongo limamata pa teyala mpaka njinga kukana kuzungulira, umatsika nkutola kamtengo kumakokota.

Chomwe chimapangitsa zonsezi kutheka ndi umwini wa njira. Ku France njira zambiri za m'minda, zimene amati chemin rural, ndi za commune, kakhonsolo ka mudzi kokhala ndi meya wake, ndipo timakhonsolo timeneti tilipo pafupifupi 35,000 dziko lonse. Lamulo lawo la zaulimi limati njira yotere ndi katundu wa commune koma yoperekedwa kuti anthu onse azidutsa. Nde wapanjinga sapempha chilolezo kwa mwini munda, ali ndi ufulu ofanana ndi wa thirakitala. Zimandikumbutsa njira za kumudzi kwathu zopita kudimba, zoti aliyense amadutsa bola osaponda mbewu za mwini, kungoti kuno zinalembedwa mmabuku. Zilipo zina za alimi okhaokha, amati chemin d'exploitation, zimenezo mwini akhoza kutseka, koma ambiri satseka.

Pamwamba pa izo bungwe la njinga la FFC linakhazikitsa chizindikiro choti olo usadziwe French umatsata bwinobwino: timawilo tiwiri ndi kachikhato ka makona atatu kolozera kokhotera. Nambala ya njirayo imakhala ndi mtundu, wobiriwira ndi yophweka yoti mwana angathe, kenako buluu, wofiira, wakuda ndi ya akatswiri. Kuminda kuno zambiri ndi zobiriwira ndi zabuluu.

Tsopano Belgium. Ukakwera kaphiri ka pa boda ka Mont Noir umangozindikira zikwangwani zasintha chilankhulo, palibe wofunsa pasipoti. A ku Flanders, chigawo cha kumpoto kwa Belgium, pa dongosolo sindingawanyoze, ndi akatundu. Ndiwo anayambitsa zoika manambala pa mphambano za njira za njinga, injiniya wa ku migodi Hugo Bollen anayamba nazo ku Limburg mu 1995, moti umangolemba manambala pa kapepala nkumata pa handulo basi ulendo wapsa. Bungwe la Sport Vlaanderen nalo lili ndi njira za njinga za m'matope zoikidwa zizindikiro bwino zedi, ndipo anthu ake matope amawakonda, nyengo yozizira mipikisano ya njinga m'matope, ija amati cyclocross, imadzadza ngati mpira. Koma dziko ndi lothinana abale, Flanders ili ndi anthu pafupifupi 500 pa sikweya kilomita pomwe France ndi cha mma 120. Nyumba zinangondandalika mmbali mwa misewu, ndiye kanjira kadothi ukangoyamba kukamva kukoma kathera pa phula, uwoloke, udutse kuseri kwa magaraja a anthu, ulowenso mmunda. Kummwera ku Wallonia malo alipo ambiri koma lamulo la nkhalango la 2008 limaletsa njinga mtinjira ting'onoting'ono pokhapokha ngati tinaikidwa zizindikiro.

Germany ndimamulemekeza pa kusamala. Njira zambiri zopita kuminda anazithira phula kapena konkire, zoyera, zabwino kwa munthu wopita kuntchito kapena wokoka ana mkangolo, koma kwa amene wagula mateyala a mano ndi cholinga choti amve dothi, zimakhala ngati wangovutikira. Ndiye pali chigawo cha Baden-Württemberg, kutsidya kwa mtsinje wa Rhine moyang'anizana ndi dera la Alsace la ku France, kumene kuyambira 1995 lamulo limaletsa njinga mnkhalango pa njira iliyonse yosakwana mamita 2 mulifupi. Mu 2013 anthu oposa 50,000 anasayina kupempha kuti lichotsedwe koma silinachoke. Minda yakumeneko imalumikizana ndi tinkhalango, nde ulendo omwewo umakhala ololedwa apa, pakangopita mitengo wasanduka wolakwa. Ine lamulo limeneli sindigwirizana nalo, chifukwa chimene chimavulaza woyenda pansi ndi liwiro ndi mwano wa wapanjinga, tepi yoyezera siyikonza khalidwe la munthu. Bavaria, chigawo china cha Germany, ndi yomasukirapo, ufulu wolowa mchilengedwe uli mu malamulo awo aakulu, ndime 141.

Kwa abale athu ambiri amene muli ku England, inu muli ndi chinthu chimodzi chimene France alibe, mapu onena zoona pa lamulo. Pa mapu a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, umaoneratu kuti iyi ndi footpath ya oyenda pansi, iyi ndi bridleway ya mahatchi, ndipo pa geti pamakhala kamuvi kachikasu kapena kabuluu. Mapu a IGN, bungwe la mapu la ku France, ndi okongola koma amangokuonetsa kuti njira ilipo, za mwini wake sakuuza. Vuto lanu nlakuti njinga inaloledwa mu 1968 pa njira za mahatchi zokha, ndipo njira zoterozo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a njira zonse, zotsalazo pafupifupi zonse ndi za miyendo. Umayenda bwinobwino pa bridleway, ukafika malire a parishi ina yasanduka footpath, dothi lomwelo, m'lifupi momwemo. Scotland anathana nazo ndi lamulo la 2003 lotsegula malo kwa aliyense woyenda mwaulemu, England ndi Wales mpaka pano ayi.

Koma France pa nkhani ya alenje ndiye amandidetsa nkhawa kwambiri. Nyengo yosaka imatsegulidwa mu Seputembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, nguluwe pena amapitiriza mpaka Malichi, ndipo alenje alipo pafupifupi miliyoni imodzi. Tsiku lawo lalikulu ndi Lamulungu, lomwelonso limene makolo amatenga ana kukapalasa. Ukakhota pa ngodya ya munda wa chimanga umangoona kachikwangwani ka chasse en cours, kutanthauza kuti kusaka kuli mkati, azibambo ovala majekete a olenji ataima mzere mfuti mmanja, agalu akuuwa mkati mwa chimanga. Ambiri ndi aulemu, amakuuza kuti dikirani kaye kapena dzerani uko, koma chipolopolo cha nguluwe chimapita kutali. Mu Okutobala 2018 bambo wina wa ku Britain anaomberedwa nkufa ali pa njinga ku Haute-Savoie. Mu 2000 boma linaika Lachitatu kukhala tsiku losasaka, mu 2003 analichotsa, ndipo mu Januwale 2023 anthu atapempha kuti olo Lamulungu lokha likhale lopanda mfuti, boma linakana. Chonsecho ku England ndi Wales kuombera mbalame ngati pheasant Lamulungu kunaletsedwa kalekale mu 1831, ndipo chigawo cha Geneva ku Switzerland pompa pa boda chinavota kuthetseratu kusaka mu 1974. Apa aneba anaganiza bwino kuposa France, sindibisa.

Vuto lachiwiri ndi kutha kwa njira zomwezo. Nkhondo yachiwiri itatha boma linayamba kuphatikiza timinda kuti mathirakitala akuluakulu azilowa, mipanda ya mitengo inazulidwa, njira zambiri zinalimidwa. Mpaka lero mlimi akhoza kumadya kanjira pang'onopang'ono ndi pulawo, ndipo akakhala nako zaka 30 popanda odandaula lamulo likhoza kumupatsa. Commune nayo ikaona kuti palibe akudutsa imatha kugulitsa. Lamulo la 2022 linalola ma commune kuwerenga njira zawo nkuimitsa kaye kuwerenga zaka kuja, koma pamafunika meya woikapo mtima. Ku Avesnois, dera la kumpoto kwa France kwa tchizi cha Maroilles, mipanda ya mitengo idakalipo yambiri ndipo ukapalasa kumeneko umaona chimene madera ena anataya.

Amene mukufuna kuyesa, musayambe nokha. Pafupifupi Lamulungu lililonse kuli mudzi wina umene kalabu yake yakonza randonnée VTT, ulendo wa njinga wa gulu, umalipira ma euro ochepa pa holo ya mudzi, umasankha kaya makilomita 20 kaya 45, pakati pa njira pali tebulo la malalanje odula, chokoleti ndi buledi wa uchi, ndipo okonza amakhala atakambirana kale ndi alimi komanso meya. Mwana osakwana zaka 12 avale chipewa cha njinga, ndi lamulo kuyambira 2017. Mukakumana ndi thirakitala patukani ndinu, geti ya ng'ombe mukatsegula tsekani, ndipo aliyense mumupatse bonjour. Ngati mukubwera pakati pa Seputembala ndi Febuluwale valani zowala, ndipo funsani ku ofesi ya meya masiku amene alenje akusaka nguluwe musanasankhe njira.