Khansala naye azipambana ndi mavoti opitirira theka

Anthu akwathu kuno ku Dedza, mmene timasankhira makhansala zikundiwawa mumtima.

Pa 16 Seputembala 2025 aliyense anapatsidwa mapepala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Pulezidenti, chiweruzireni khothi mu 2020, amayenera kupeza mavoti opitirira theka. Khansala akangoposa anzake, olo ndi voti imodzi, wadutsa basi. Ndiye taganizani wodi yomwe mwaima anthu asanu ndi mmodzi, achipani pamodzi ndi aja anakwiya kumapulaimale n'kuima paokha. Mavoti amamwazikana, munthu n'kulowa m'khonsolo pomwe anthu atatu mwa anayi alionse sanamufune. Ndipo akhalamo zaka zisanu.

Chonsecho khansala ndiye wathu wapafupi. Mayi amene amalawirira pamsika ndi dengu la mbatata ya kachewere amadulitsa tikiti ya khonsolo asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Ndalama imeneyo ikapanda kubwerera ngati chimbudzi kapena shedi yobisalamo mvula, akafunsa ndani? Mjigo ukafa, mlatho ukakokoloka, timathamangira kwa khansala yemweyo, poti ndi amene timakumana naye pamaliro ndi kuchigayo. Munthu wotereyu afunika kulowa ndi mphamvu ya anthu ambiri, kuti akamalankhula kuboma azimveka.

Ine ndikuti lamulo la mavoti opitirira theka lija, la 50+1, lifike kumawodi. Ena ati kubwereza chisankho pakasowa wopitirira theka n'kodula, poti mawodi alipo 509 m'dziko muno. Koma si onse angabwereze, ndipo wodi ndi kadera kochepa, masukulu ovoterapo ndi owerengeka. Kuyambira 2005 mpaka 2014 tinakhala opanda makhansala, ndipo mpaka lero akuluakulu amawatengabe ngati ndiwo zapambali. Taonani ngakhale zotsatira: lamulo limapatsa MEC, bungwe loyendetsa zisankho, masiku 8 kuti ilengeze za pulezidenti, 14 za aphungu, 21 za makhansala. Pofika tsikulo anthu anabalalika kale, ena ali kudimba, wailesi zili pa nkhani ya nduna zatsopano.

Nafenso tisamangochonga chizindikiro cha chipani osayang'ana nkhope. Inu a ku Linthipe, Lobi, Mayani, Bembeke mpaka kumunsi ku Mtakataka, fufuzani kuti khansala wanu anapeza mavoti angati mwa onse amene anaponyedwa, mulembe pansipa. Manambalawo tikawatule kwa aphungu athu, chifukwa osintha lamuloli ndi iwowo ku Nyumba ya Malamulo.